Mmene mungasungire kaundula wa makompyuta ndi katcheredwe kake pa ofesi

Ofesi iliyonse yomwe ili ndi makompyuta oposa khumi imafika pa tsiku limene wina amafunsa kuti, kodi tili ndi malaputopu angati, ali m'manja mwa ndani, ndipo muli mapulogalamu anji? Funsoli limabwera ndi ofufuza mabuku a chuma kumapeto kwa chaka, limabwera ndi opereka thandizo ntchito yomwe amalipirira ikatha, ndipo nthawi zina limabwera ndi apolisi akuba akathyola ofesi usiku, pamene pafunika nambala ya chipangizo chilichonse chomwe chasowa. M'maofesi ambiri yankho limakhala m'mutu mwa munthu mmodzi wosamalira makompyuta, ndipo iyeyo akadwala, akapita kutchuthi kapena akapeza ntchito kwina, yankholo amapita nalo. Malangizo awa ndalembera makamaka munthu amene amasamalira makompyuta pa sukulu, pa chipatala chaching'ono, pa bungwe lomwe si la boma kapena pa kampani ya antchito osapitirira mazana awiri, yemwe kawirikawiri amagwira ntchitoyi yekha ndiponso alibe ndalama zogulira mapulogalamu okwera mtengo.

Ntchito zimene tikambirane ndi ziwiri, ndipo ngakhale zimayendera limodzi, sizofanana. Yoyamba ndi kusunga kaundula wa katundu, ndiko kudziwa zipangizo zomwe bungwe lili nazo, komwe zili, amene akuzigwiritsa ntchito, mtengo wake ndi tsiku limene waranti yake idzathe. Yachiwiri, imene akatswiri amaitcha configuration management, ndi kudziwa ndi kulamulira katcheredwe ka chipangizo chilichonse: mapulogalamu amene ali mmenemo, masetingi ake, ntchito zomwe zimadalira chipangizocho, komanso amene anasintha kanthu ndi chifukwa chimene anasinthira. Yachiwiriyi siingatheke yoyamba isanachitike, pakuti simungalamulire katcheredwe ka seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena pa netiweki) imene simukudziwa kuti ilipo. N'chifukwa chake pa mndandanda wa malangizo a chitetezo wotchedwa CIS Controls, langizo loyamba ndi kukhala ndi kaundula wa zipangizo, lachiwiri ndi kukhala ndi kaundula wa mapulogalamu, ndipo ena onse amabwera pambuyo pa awiriwa.

Yambani ndi kuyendera chipinda chilichonse

Musayambe ndi kusankha pulogalamu, ndiponso musayambe ndi kukopera mndandanda wakale wa ku ofesi ya zachuma, chifukwa mndandanda umenewo umanena zomwe zinagulidwa, osati zomwe zilipo lero. Tengani kope ndi cholembera, muyendere chipinda ndi chipinda, mutsegule makabati ndi mosungira katundu, ndipo mulembe chilichonse chimene chimalumikizika pa netiweki kapena chimasunga uthenga wa bungwe: makompyuta a patebulo, malaputopu, maseva, mapulinta, marauta ndi ma switch (zipangizo zolumikiza makompyuta pa netiweki), zipangizo za Wi-Fi zomangidwa kudenga, ma UPS (mabokosi a mabatire opereka mphamvu magetsi akazima), mafoni ndi matabuleti a ntchito, ma hard disk onyamula m'manja ndi makamera a chitetezo. Mausi, makiyibodi ndi mawaya musataye nthawi kuzilemba chimodzichimodzi. Kungodziwa kuchuluka kwake m'mosungira katundu n'kokwanira.

Chofunika kwambiri pa chipangizo chilichonse ndi serial number, nambala imene kampani yopanga inachipatsa, popeza ndi yokhayo yomwe singasinthe ngakhale chipangizocho chisamuke, chisinthidwe dzina kapena chibedwe. Pa laputopu nambalayi imakhala pa kapepala komatidwa pansi, koma kapepalako kamafufutika ndi kutentha ndi thukuta la m'manja, ndipo diso limasokoneza 0 ndi O, 1 ndi I, kapena 8 ndi B. Choncho ndi bwino kuifunsa kompyuta yomweyo. Pa Windows tsegulani PowerShell n'kulemba `Get-CimInstance Win32_BIOS | Select-Object SerialNumber`, ndipo pa Linux lembani `sudo dmidecode -s system-serial-number`, kenako mukopere zomwe zatuluka osazilembanso pamanja. Makompyuta a Dell nambalayi amaitcha Service Tag ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 7. Pa foni imbani *#06# kuti muone IMEI, nambala ya manambala 15 imene apolisi ndi makampani a mafoni amafuna foni ikabedwa.

Mukatero, patsani chipangizo chilichonse nambala yanuyanu, ndipo muimate poonekera ndi sitika yolimba yosachoka msanga. Nambalayi ikhale yaifupi, monga LT-0014 pa laputopu kapena PR-0003 pa pulinta, kuti munthu athe kukuwerengerani pa foni akamadandaula za vuto. Ndikulangizani mwamphamvu kuti musaikemo dzina la munthu, la dipatimenti kapena la boma lomwe chipangizocho chili. Laputopu yolembedwa kuti ndi ya ku Zomba idzatumizidwa ku Mzuzu chaka chamawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitikayo idzakhala ikunena bodza. Nambala ya chipangizo chomwe chatayidwa musaipatsenso china, kuopa kusokoneza mbiri ya ziwirizo.

Zolemba zichepe, koma zikhale zoona

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Amakonza kaundula wa magawo makumi anayi, amadzaza onse sabata yoyamba, ndipo pakatha miyezi itatu palibe amene akuwakonzanso. Gawo lililonse limene mwaika mu kaundula ndi ntchito yomwe mwadzipatsa kuti muzilikonza nthawi zonse zinthu zikasintha, ndipo kaundula amene theka lake ndi lachikale ndi woopsa kuposa kusakhala naye, chifukwa anthu amamukhulupirira.

Poyambira, mzere wa chipangizo chimodzi ukhale ndi nambala yanu, mtundu wa chipangizo ndi kampani yopanga, serial number, amene ali nacho, malo, mmene chilili, tsiku logula, mtengo, wogulitsa, tsiku lotha waranti ndi gwero la ndalama zogulira. Mwachitsanzo mzere ungawerengedwe motere: LT-0014, laputopu ya Lenovo ThinkPad, ili ndi wothandizira za chuma, ofesi ya Zomba, ikugwira ntchito, inagulidwa ndi ndalama za ntchito ya madzi. Gawo lomalizali mabungwe odalira thandizo asalisiye, chifukwa opereka thandizo ambiri amafuna kudziwa komwe kuli katundu yense wogulidwa ndi ndalama zawo ntchito ikatha, ndipo kufufuza zimenezi m'malisiti a zaka zinayi zapitazo ndi ntchito yowawa.

Pa gawo lonena mmene chipangizo chilili, gwirizanani mawu ochepa okhazikika: chili m'mosungira, chikugwira ntchito, chili kokonzetsa, chasowa, chatayidwa. Mukalola aliyense kulemba mawu ake, mudzapeza wina walemba kuti chinafa, wina kuti chaonongeka, wina kuti chikuvuta, ndipo simudzatha kuwerenga zonse zoonongeka pamodzi. Pa UPS onjezani tsiku limene batire linaikidwa. Mabatire a mu UPS amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kumalo otentha kapena komwe magetsi amazimazima amatha msanga kuposa pamenepo, moti ndi bwino kudziwa msinkhu wake magetsi asanakuuzeni pozimitsa seva masana.

Kosungira kaundula

Ngati zipangizo sizikupitirira makumi asanu ndipo wokonza kaundula ndi munthu mmodzi, Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets ndi zokwanira, ndipo palibe chochititsa manyazi. Vuto lake ndi loti mafayilo otere amaberekana: wina amatumiza pa imelo, wina amasunga kope lake pa flash, ndipo posakhalitsa pali makaundula anayi osagwirizana. Lamulo likhale loti kaundula ndi mmodzi, amakhala pamalo amodzi, ndipo makope ena onse ndi ongowerenga.

Zipangizo zikachuluka, kapena okonza akakhala awiri kapena atatu, samukirani ku pulogalamu yopangidwira ntchitoyi. Pali zaulere zodalirika zomwe mungaike pa seva yanu. Snipe-IT ndi yosavuta kuphunzira, imasunga mbiri ya amene anapatsidwa chipangizo ndi tsiku limene anabweza, imasindikiza masitika a QR code, ndipo imalandira kaundula wanu wakale mukamusunga ngati fayilo ya CSV. GLPI, yomwe inayambira ku France, ndi yokulirapo: ili ndi mbali yolandirira madandaulo a antchito, ndipo kapulogalamu kake kotchedwa GLPI Agent mukakaika pa kompyuta iliyonse kamatumiza kokha zonse za kompyutayo, kuyambira kukula kwa RAM mpaka mndandanda wa mapulogalamu. NetBox ndi ya amene ali ndi netiweki yaikulu ndipo akufuna kudziwa waya uliwonse komwe walowa ndi IP address (nambala ya chipangizo pa netiweki) iliyonse amene akuigwiritsa ntchito. Kwa ofesi yapakatikati ine ndingasankhe GLPI pamene pali munthu wodziwa kusamalira seva ya Linux, ndi Snipe-IT pamene chosowa chachikulu ndi kudziwa amene ali ndi chiyani. Komabe dziwani kuti kapulogalamu kotumiza uthenga kokha kamaona zamkati mwa kompyuta basi. Sikadziwa amene anasainira laputopu, ngakhale laputopu yozimitsidwa yomwe ili mu kabati.

Katundu wosagwirika ndi manja

Zinthu zina zomwe zingaimitse ntchito ya bungwe lonse sizimatidwa sitika. Dzina la webusaiti yanu pa intaneti limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo likatha osalipiridwa, imelo ya bungwe lonse imaima. Satifiketi ya chitetezo ya webusaiti ili ndi tsiku lothera. Za bungwe la Let's Encrypt, mwachitsanzo, zakhala zikuperekedwa za masiku 90, ndipo ngati kapulogalamu kozikonzanso kasiya kugwira ntchito, mudzamva kwa makasitomala. Palinso malayisensi a mapulogalamu, maakaunti a Microsoft 365 kapena Google Workspace amene mumalipira mwezi ndi mwezi, ma SIM card a bungwe ndi mgwirizano wanu ndi kampani yopereka intaneti. Zonsezi zilembedwe ndi tsiku lothera, mtengo, ndi akaunti yomwe zinalembetsedwa. Onetsetsani makamaka kuti dzina la webusaiti linalembetsedwa ndi imelo ya bungwe, osati imelo ya wantchito kapena ya mnyamata amene anakupangirani webusaitiyo, chifukwa kulilanditsa munthuyo atachoka kumatenga nthawi ndipo nthawi zina kumalephereka.

Mapasiwedi asalowe mu kaundula. Asungeni mu pulogalamu yosungira mapasiwedi monga KeePassXC kapena Bitwarden, ndipo kaundula angonena komwe pasiwedi ya chipangizocho ikupezeka. Pasiwedi yaikulu yotsegulira zonse ilembedwe pa pepala, imatidwe mu envulopu, ndipo mkulu wa bungwe aisunge mu sefa.

Makomo amene chipangizo chimadutsa

Kaundula amakhala woona pokhapokha ngati chipangizo sichingasunthe popanda iye kudziwa. Nthawi zimene chimasuntha ndi zodziwika: pofika kuchokera kwa wogulitsa, poperekedwa kwa wantchito, posamutsidwa, popita kokonzetsa, pobwezedwa ndi potayidwa. Gwirizanani ndi a ku ofesi yogula katundu kuti kompyuta yatsopano iyambe yafika kwa inu, ilembedwe ndi kumatidwa sitika, isanapite kwa mwini wake, ngakhale mwini wakeyo akhale bwana wamkulu. Wolandira asaine fomu yaifupi yonena nambala ya chipangizo, chaja ndi chikwama ngati zilipo, ndi tsiku. Gwirizananinso ndi a ku ofesi yoona za antchito kuti munthu wosiya ntchito asamalize zotsanzikana musanasaine kuti wabweza zonse, ndipo tsiku lomwelo mutseke maakaunti ake.

Khomo lomwe limaiwalika kwambiri ndi lopita kokonzetsa. Laputopu imatuluka ndi dalaivala kupita kwa wokonza m'tauni, palibe amene walemba, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi palibe amene akukumbukira kuti inapita kwa ndani. Lembani tsiku, dzina la malo okonzerawo, ndi serial number ya hard disk yomwe ili mkati ngati yapita nayo, kuti ikabwera mutsimikize kuti ndi yomweyo.

Potaya, kugulitsa kapena kupereka kompyuta kwa ena, kufufuta mafayilo kapena kuchita format wamba sikokwanira, popeza pali mapulogalamu aulere otha kuwabwezeretsa. Hard disk yakale ya mbale zozungulira ilembedwenso yonse ndi pulogalamu yofufutira, SSD (disiki yamakono yopanda mbale) ifufutidwe ndi lamulo la Secure Erase kapena chida cha kampani yopanga, ndipo yomwe yakana kufufutika ibooledwe kapena iphwanyidwe. Bungwe la NIST la ku America linalemba njirazi mu chikalata chake cha SP 800-88. Ku Malawi kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limapatsa udindo wosamalira uthenga wa anthu kwa aliyense amene amausunga, choncho kompyuta yotuluka ndi mayina a odwala, a ophunzira kapena malipiro a antchito si nkhani yaing'ono. Mzere wa chipangizo chotayidwa musauchotse mu kaundula; lembani kuti chatayidwa, tsiku, njira yofufutira ndi amene anavomereza.

Katcheredwe: kulemba mmene zinthu ziyenera kukhalira

Makompyuta awiri amene anatcheredwa mofanana tsiku loyamba sakhala ofanana mpaka kalekale. Lero mwatsegula khomo lina (port) pa firewall, mpanda woteteza netiweki, kuti muthandize munthu mwamsanga, mawa mnzanu wasintha fayilo ina pa seva imodzi n'kuiwala inzake, ndipo katcheredwe kamasuntha pang'onopang'ono monga amasunthira malire a munda chaka ndi chaka, mpaka palibe amene akukumbukira pomwe panali malire enieni. Kuopsa kwake kunaonekera pa 1 Ogasiti 2012 ku kampani ya Knight Capital ya ku America, yomwe inkagula ndi kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito makompyuta. Pulogalamu yatsopano inaikidwa pa maseva asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, imodzi inatsala ndi yakale, ndipo panalibe chotsimikizira kuti onse ndi ofanana. Pa mphindi pafupifupi 45 seva yotsalayo inatumiza maoda mamiliyoni olakwika, ndipo kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni. Ofesi yanu siingataye ndalama zotere, koma matenda ake ndi omwewo.

Choyamba kuchita ndi kulemba pa tsamba limodzi katcheredwe kovomerezeka ka mtundu uliwonse wa chipangizo. Pa laputopu ya wantchito, tsambalo linene mtundu wa Windows kapena Linux, mapulogalamu oyenera kukhalamo, kuti hard disk yatsekedwa ndi BitLocker ndipo kiyi yake yasungidwa kuti, kuti wantchito alibe mphamvu za administrator, ndi kuti sikirini imadzitseka pakapita mphindi zingati. Kompyuta iliyonse yatsopano itcheredwe motsatira tsambali, ndipo pamene pafunika kupatuka, monga munthu wa zachuma amene pulogalamu yake ikufuna zina, kupatukako kulembedwe pa mzere wa kompyutayo.

Chachiwiri ndi kusunga mafayilo a masetingi mu Git, pulogalamu yomwe Linus Torvalds anayambitsa mu 2005 ndipo imasunga mbiri ya kusintha kulikonse pa fayilo, amene anasintha ndi nthawi yake. Pa seva ya Linux ikani etckeeper, imene imaika foda yonse ya /etc mu Git ndipo imalemba yokha zosintha nthawi iliyonse mukaika kapena kuchotsa pulogalamu. Tsiku limene imelo yasiya kutuluka, lamulo la `git log -p` lidzakuonetsani mzere umene unasinthidwa dzulo, m'malo moti muzingoganizira. Pa marauta ndi ma switch tulutsani masetingi n'kuwasunga momwemo: pa MikroTik lamulo lake ndi `/export`, pa Cisco ndi `show running-config`.

Pa Cisco pali msampha umene umagwira anthu ambiri kumene magetsi amazimazima. Zomwe mwasintha zimayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, koma zimakhala mu running-config, yomwe ili mu RAM, ndipo sizisungidwa mpaka mutalemba `copy running-config startup-config`. Switch ingathe kugwira bwino ntchito miyezi ingapo ndi masetingi osasungidwa, kenako magetsi akazima nthawi yaitali kuposa mphamvu ya UPS, imadzuka ndi masetingi akale, ndipo theka la ofesi lilibe netiweki pomwe palibe amene wakhudza kanthu tsiku limenelo. Amene ali ndi kope mu Git amayerekeza ziwirizo n'kubwezeretsa pa mphindi zochepa. Zipangizo zoterezi zikachuluka, pulogalamu ya Oxidized kapena RANCID ingathe kumatenga masetingi yokha nthawi ndi nthawi.

Kulola pulogalamu kuti izitchera yokha

Maseva akaposa atatu kapena anayi, kutchera pamanja kumayamba kubala kusiyana kumene tanena kuja. Mapulogalamu ochita ntchitoyi ndi akale ndithu: CFEngine inayamba mu 1993, Puppet mu 2005, ndipo Ansible, imene Michael DeHaan anayambitsa mu 2012 ndipo Red Hat inaigula mu 2015, ndi yomwe ndingalangize munthu wogwira ntchito yekha. Chifukwa chake n'chakuti siifuna kuika kapulogalamu kena pa seva iliyonse. Imalowa kudzera pa SSH (njira yotetezedwa yolowera mu kompyuta ina muli patali) kuchokera pa kompyuta yanu, ndipo malangizo ake amalembedwa m'fayilo yowerengeka yotchedwa playbook. Nachi chitsanzo cha maseva a Ubuntu kapena Debian:

```
- hosts: maseva
  become: true
  tasks:
    - name: Ikani chrony kuti nthawi ikhale yolondola
      ansible.builtin.apt:
        name: chrony
        state: present
    - name: Letsani root kulowa pa SSH
      ansible.builtin.lineinfile:
        path: /etc/ssh/sshd_config
        regexp: '^#?PermitRootLogin'
        line: 'PermitRootLogin no'
      notify: Yambitsaninso SSH
  handlers:
    - name: Yambitsaninso SSH
      ansible.builtin.service:
        name: ssh
        state: restarted
```

Taonani kuti fayiloyi ikunena mmene seva iyenera kukhalira. Ngati chrony ilipo kale, Ansible siichita kanthu. Ngati wina anaichotsa, imaibwezera. Choncho mungathe kuiyendetsa kakhumi popanda kuononga kanthu, ndipo mukaiyendetsa ndi `ansible-playbook --check --diff` imangokuonetsani zomwe zasiyana ndi zovomerezeka osasintha chilichonse, zomwe ndi njira yabwino yopimira maseva onse Lolemba m'mawa. Musanayendetse chitsanzochi, onetsetsani kuti muli ndi akaunti ina yolowera yomwe si root (akaunti yaikulu yokhala ndi mphamvu zonse), kuopa kudzitsekera kunja. Ma playbook asungidwe mu Git, koma mapasiwedi amene akufunika mmenemo atsekedwe ndi Ansible Vault. Ndipo mukangoyamba njira imeneyi, dziletseni kusintha seva pamanja, chifukwa zomwe mwasintha pamanja Ansible idzazifufuta ulendo wotsatira, kapena zidzakhala zobisika zomwe fayilo siikuzidziwa. Pa makompyuta a Windows ntchito yofananayo imachitika ndi Group Policy ngati muli ndi Active Directory, kapena ndi Microsoft Intune ngati malayisensi anu akukulolani.

Chomwe chimadalira chinzake, ndi buku la zosintha

Malangizo a kayendetsedwe ka ntchito za makompyuta otchedwa ITIL, amene anayambira m'boma la Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amalimbikitsa kusunga CMDB, kaundula amene amalembanso ubale wa pakati pa zinthu. Makampani aakulu amaonongerapo ndalama zambiri, ndipo ofesi yaing'ono isayese kuwatsanzira. Sankhani ntchito zisanu kapena zisanu ndi imodzi zomwe bungwe silingakhale popanda izo, monga malipiro, imelo, intaneti ndi pulogalamu ya zachuma, ndipo pa iliyonse lembani unyolo wake. Mwachitsanzo: pulogalamu ya malipiro ili pa seva SV-0002, sevayo yalumikizidwa pa switch SW-0001, zonse ziwiri zimadya magetsi a UPS-0003, ndipo backup yake imapita pa hard disk HD-0005 usiku uliwonse. Ziganizo zochepa zoterezi zimakuuzani kuti kusintha batire la UPS imeneyo pa 25 mwezi, pamene a zachuma akukonza malipiro, si nzeru.

Pambali pa izi sungani buku la zosintha, ngakhale likhale fayilo wamba. Musanasinthe kanthu pa seva, pa rauta kapena pa firewall, lembani tsiku, chipangizo, chomwe mukusintha, chifukwa chake, amene wapempha, ndi mmene mungabwerere m'mbuyo zikavuta. Gawo la chifukwa ndilo lofunika koposa, pakuti Git idzakuuzani kuti khomo lina linatsegulidwa, koma siidzakuuzani kuti linatsegulidwira alendo a msonkhano wa sabata imodzi ndipo linayenera kutsekedwa kalekale. Pa ngozi konzani kaye vutolo, koma mulembe tsiku lomwelo musanaweruke.

Kupima ngati kaundula akunena zoona

Miyezi itatu iliyonse sankhani mizere khumi mu kaundula mwachisawawa n'kupita kukaona zipangizozo ndi maso, kenako sankhani zipangizo khumi m'maofesi n'kukazifufuza mu kaundula. Njira ziwirizi zimagwira zolakwika zosiyana: yoyamba imapeza zosowa, yachiwiri imapeza zosalembedwa. Kamodzi pachaka werengani zonse, limodzi ndi munthu wa ku ofesi ya zachuma, kuti mabuku anu ndi awo agwirizane.

Funsaninso netiweki. Mndandanda wa DHCP pa rauta (wa zipangizo zomwe rautayo yazipatsa IP address), kapena lamulo la `nmap -sn 192.168.1.0/24` mutasintha manambalawo kuti agwirizane ndi netiweki yanu, zidzakuonetsani zonse zolumikizidwa panthawiyo. Chitani zimenezi pa netiweki yokhayo imene muli ndi chilolezo choisamalira. Musadabwe mukaona mafoni akuoneka ngati achilendo, popeza mafoni amakono amasintha MAC address (nambala yowazindikiritsa pa netiweki) yawo pa Wi-Fi pofuna kuteteza eni ake. Chomwe mukufunafuna ndi rauta imene wina anabwera nayo kuchokera kunyumba, kapena seva yakale yomwe aliyense ankaganiza kuti inazimitsidwa. Mu 2017 kampani ya Equifax inaberedwa uthenga wa anthu pafupifupi 147 miliyoni kudzera pa chiboo cha chitetezo cha mu pulogalamu ya Apache Struts chomwe mankhwala ake anali atatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo ofufuza a nyumba ya malamulo ya ku America anapeza kuti kampaniyo inalibe kaundula wokwanira woiuza makompyuta onse amene anali ndi pulogalamuyo.

Kaundula wopimidwa motere amathandizanso pa bajeti. Microsoft inasiya kupereka zokonza zaulere za chitetezo pa Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kompyuta yokhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Amene analemba mtundu ndi chaka cha kompyuta iliyonse angathe kuuza akuluakulu a bungwe kuti ndi zingati zomwe zingakwezedwe, zingati zofunika kugula zina, ndi zingati zomwe zingapitirire ndi Linux.

Mukapeza cholakwika, musangokonza mzerewo n'kupitirira. Fufuzani khomo limene chipangizocho chinadutsira popanda kulembedwa, kaya ndi katundu amene anagulidwa ndi ofesi ya kunthambi, kaya ndi wantchito amene anasiyira mnzake laputopu popita kutchuthi, ndipo mukambirane ndi amene amayang'anira khomolo. Pomaliza, kaundulayo akhale ndi backup kunja kwa seva imene akukhala, ndipo mwezi uliwonse musindikize pa pepala mndandanda wa maseva, zipangizo za netiweki, ma IP address awo ndi manambala a foni a makampani okuthandizani, popeza tsiku limene seva yosunga Snipe-IT kapena GLPI yazima ndi limene mudzafune kudziwa serial number yake ndi tsiku lothera waranti.